Boma lake liti? Zomwe ndidapeza m'nyuzipepala zakale

Mukamuuza munthu wa ku Dedza kapena ku Ntchisi kuti mawa mukupita ku boma, safunsa zambiri. Akudziwa kale kuti mukulowera komwe kuli ofesi ya DC, polisi, khoti ndi chipatala, ndipo akakhala mnansi womasuka akutumani mchere ndi sopo. Kuno ku Mzuzu mawu amenewa sagwira chimodzimodzi. Mzinda uno ndi likulu la chigawo chonse cha kumpoto. Tili ndi khoti lalikulu, chipatala chachikulu, nthambi ya Reserve Bank, yunivesite ku Luwinga ndi asilikali ku Moyale, koma pano si pa boma. Boma lathu lili ku Mzimba, mtunda wopitirira makilomita 100, kudutsa m'mapaini a ku Chikangawa. Wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo akamapita kokagula zinthu amati akulowa m'tauni. Mzuzu adamera pa esiteti ya mitengo ya tung yomwe idatsegulidwa cha m'ma 1947, ndipo pomwe ankalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985, maboma a kumpoto kuno adali atakhazikika kalekale.

Aneba anga ku Katawa ndi aphunzitsi opuma ntchito, bambo wachikulire wa ku Rumphi. Ali ndi thiranki yachitsulo yomwe ana awo akhala akufuna kuitaya, iwo n'kumakana. Muli mapepala okhaokha: Boma Lathu, Moni, Odini, masamba a Malawi News, ndipo pansi penipeni masamba ochepa a Msimbi omwe adasiya malemu bambo awo. M'miyezi yozizira ija, mvula yowaza ikamatitsekera m'nyumba, ndinkapita kukakhala nawo pakhonde n'kumatulutsa mapepalawo limodzilimodzi. Poyamba ndinkasaka za mpira ndi mitengo ya zinthu, monga angachitire aliyense. Chomwe chidandigwira n'china. Mawu oti boma ali pafupifupi pa tsamba lililonse, koma chomwe akuloza chimasinthasintha malinga ndi chaka chomwe pepala lidatuluka komanso yemwe adalipira inki. Ziganizo zomwe nditchule m'munsimu ndazipeka ndekha pofuna kusonyeza kalembedwe kake, si zokopera.

M'kalembedwe kakale kwambiri boma ndi malo. Lili ndi msewu wopitako, mbendera pamtengo, ndende kuseri, ndi khonde pomwe anthu amadikira kuitanidwa. Munthu amapita ku boma, amagona pa boma, amachokera ku boma. Mukawerenga kuti wakuba adapita naye ku boma, ndiye kuti adamumanga chingwe m'chiuno n'kuyenda naye wapansi, mwina masiku awiri. Mawuwa adabwera ndi amalonda komanso asilikali olankhula Chiswahili, ndipo kwa iwo boma udali mpanda wa mitengo kapena wa minga wotchinga anthu ndi ziweto, chomwe ife tikadati linga. Azungu a Harry Johnston atatenga dziko lino mu 1891 adamangadi malinga, pakuti nkhondo idali isadathe. Mlozi ku Karonga adagonja mu Disembala 1895. Mayina akale a maboma ena amaulula okha: Mangochi idali Fort Johnston, Mchinji idali Fort Manning, Chitipa idali Fort Hill. M'kati mwa mpandamo munkakhala mzungu wotolera msonkho, yemweyonso woweruza milandu, yemweyonso wolamula asilikali. Dzina la mpanda lidagwera munthuyo pamodzi ndi mphamvu zake zonse.

Apa ndipatuke pang'ono. Pafupifupi aliyense amene ndamuuza za nkhaniyi amafulumira kundiphunzitsa kuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration, ena amati mawu achitatuwo ndi Management. Nkhaniyi imakoma kuikamba pa bawo, koma si yoona. Azungu oyendayenda monga Burton ndi Stanley ankalemba kale za boma, kutanthauza mpanda wa pamsasa, Angerezi asadayambe kulamulira dera lililonse kuno. Ajeremani nawo ku Tanganyika maofesi awo ankawatchula kuti boma, ndipo ku Bagamoyo ndi ku Mikindani nyumba zake zikadalipo. Mjeremani sakadapatsa ofesi yake dzina loyamba ndi British. Chondiseketsa n'chakuti eni mawuwo adatisiyira ife. Kafunseni amayi a ku Mbeya ogulitsa zitenje mumsika wa Taifa. Olamulira dziko amawatchula kuti serikali, dera lomwe ife timati boma iwo amati wilaya, ndipo boma kwa iwo kwenikweni ndi la ng'ombe.

Popeza lidali malo, boma linkatha kusamuka, ndipo kumpoto kuno lidasamukadi. Angoni a M'mbelwa adakhala kunja kwa ulamuliro wa atsamunda mpaka 1904, pomwe mafumu awo adakumana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni, pafupi pomwepa. Boma lawo loyamba lidamangidwa ku Hora, kenaka n'kupita ku Mzimba. Kunyanja idalipo nthawi yomwe Atonga ankakapereka msonkho ku Chintheche osati ku Nkhata Bay. Ndiye mukapeza pa pepala la nthawi imeneyo kuti boma lachoka pamalo akutiakuti, musaganize za zisankho kapena zolanda ulamuliro. Amtengatenga adasenza mabokosi a makalata, bokosi la ndalama ndi mbendera, basi.

Linkathanso kubwera m'mudzi. Aphunzitsi aja adandifotokozera mmene agogo awo ankanenera kuti boma lafika, kutanthauza kuti DC ali pa ulendo ndi mamesenjala ake, kaundula wa msonkho ali m'manja. Msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890 udali mashilingi atatu, ndipo udanka nukwera. Wolephera kulipira ankamuotchera nyumba, kapena kugwira mkazi wake n'kukamusunga pa boma mpaka mwamuna atapezeka. Ena mwa amuna a kuno omwe adatchona ku Joni ndi ku Halale chidawanyamula n'chitupa cha msonkho chimenechi. Choncho pepala la atsamunda likalemba kuti boma layendera anthu a kwa mfumu yakutiyakuti ndipo alilandira bwino, wowerenga wa m'mudzimo ankadziwa kuti ndi amuna angati adagona kuthengo usiku umenewo.

Zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, ndizo zimazunguza mutu kwambiri. Nthawi imeneyo munthu wa ku Nyasaland adali pansi pa maboma atatu. Lina lidali ku Zomba, kwa Bwanamkubwa, ndipo linkayang'anira mafumu, apolisi, sukulu za anthu akuda ndi malamulo a malimidwe omwe anthu ankadana nawo aja. Lina lidali ku Salisbury, ndipo m'manja mwake mudali asilikali, positi ofesi ndi zipatala. Lachitatu lidali ku London. M'Chinyanja cha nthawiyo onse atatu adali boma, ndipo Msimbi, nyuzipepala ya ofesi yofalitsa nkhani ya ku Zomba, idalibe chifukwa chovutikira kuwasiyanitsa. Mawu oti bwanamkubwa nawo adatsika mpando pakupita kwa nthawi. Kale adali woimira mfumu ya ku Mangalande ku Zomba, lero wailesi imatchula choncho DC aliyense.

Taganizirani za pa 3 Malichi 1959 pa doko la Nkhata Bay, makilomita osakwana 50 kutsetsereka kuchokera kuno. Yemwe adalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti n'kulamula kuti atsogoleri a Congress amangidwe adali Bwanamkubwa Robert Armitage wa ku Zomba, London itavomereza. Omangidwa a kuno adawaika mu sitima ya Mpasa. Khamu litasonkhana kufuna abale awo, yemwe ankalankhula nalo adali DC wa pa boma pomwepo, koma omwe adaombera adali asilikali achizungu ochokera ku Southern Rhodesia, a boma la chitaganya. Komiti ya Devlin, yomwe idafufuza za chipwirikiticho, idawerenga anthu 20 ophedwa pamalopo ndi 51 m'dziko lonse, ngakhale eni ake a ku Nkhata Bay amawerenga ochuluka kuposa apo. Chiganizo choti boma lidapha anthu pa boma la Nkhata Bay n'choona ndithu, koma m'kati mwake mwabisala maofesi atatu ndi malo amodzi, ndipo simungadziwe woti mumuloze chala. Kwa mlembi wofuna kuti wolakwa asapezeke, mawu otere ndi chuma.

A Congress adachiona chimenechi. M'zolemba zawo, kuphatikizapo Malawi News yomwe Aleke Banda adaiyambitsa mu 1959 akadali mnyamata, boma silinkayenda lokha. Linkakhala boma la atsamunda, boma la azungu, boma la Welensky (nduna yaikulu ya chitaganya), ndipo chomwe ankamenyera chidali boma la eni dziko. Kwa nthawi yoyamba owerenga adayamba kuzolowera kuti boma lingakhale la uyu kapena la uyo, kuti lili ndi mwini wake yemwe angasinthidwe.

Ufulu utabwera pa 6 Julayi 1964, mwini wakeyo adatchulidwa: ife. Dzina la nyuzipepala ya Boma Lathu, yomwe nthambi yofalitsa nkhani inkasindikiza m'Chichewa n'kumatumiza m'midzi, lidali ndi ntchito yoti ligwire. Kwa zaka zoposa 70 boma chidali chinthu chothawidwa, tsono anthu ankayenera kuphunzira kuti ndi lawo. Cholinga chimenechi sindichinyoza. M'masamba amenewo muli zothandiza zambiri: kabzalidwe ka chimanga, katemera wa ana, sukulu za kwacha, misika ya ADMARC. Agogo ambiri adazolowerera kuwerenga pa pepala limeneli, ena n'kupichira fodya akamaliza.

Koma mukawerenga makope ambiri motsatizana mumayamba kuona mmene ntchito idagawidwira. Chabwino chikachitika chili ndi mwini wake, dzina lake n'kulembedwa lonse ndi maudindo ake: Ngwazi yamanga, Ngwazi yapereka, Ngwazi yatsegulira. Msewu, chipatala, ngakhale chimanga chikachita bwino. Chowawa chikabwera dzina limasowa, ndipo pamenepo m'pomwe boma limatulukira: boma lakweza, boma laletsa, boma lachenjeza. Chowawitsitsa chenicheni kawirikawiri sichinkalembedwa n'komwe. Ndidayamba kuwerenga mitu ya nkhani ndi funso limodzi lokha, loti wachita ndani, ndipo ndidaona kuti mawu oti boma ankagwira ntchito yaikulu pamene mlembi sankafuna, kapena sakadayerekeza, kuyankha funsolo. Alembiwo sindiwaweruza. Atolankhani angapo adakalowa ku Mikuyu m'zaka za m'ma 1970, ndipo otsalawo adali ndi ana oti adyetse.

Kuyambira 1966 chipani chidali chimodzi mwalamulo, ndipo mu 1971 Kamuzu adakhala pulezidenti wamuyaya. Kusiyanitsa chipani ndi boma kudatha ntchito. Khadi yomwe anyamata a Youth League ankafunsa pachipata cha msika ndi pokwera basi idali ya chipani, koma mayi wobwezedwa ndi dengu lake la tomato ankati boma lamubweza. Kodi ankalakwitsa? Chigamulo cha 1968 choti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chinenero cha dziko pambali pa Chingerezi chidachokera ku msonkhano waukulu wa chipani, koma chidakagwira ntchito pa wailesi ya MBC ndi m'sukulu. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, n'kudzabwereranso mu 1994. Anthu omwe makolo awo ankawerenga Vyaro na Vyaro ya ku Livingstonia m'chinenero chawo adayamba kumva zonse za boma m'chinenero changa ine. Ndikulemba izi ngati Mchewa wokhala pakati pa Atumbuka, ndipo ndimamvetsa chifukwa chomwe lathu uja ankamvekera mwina kuno, mwina ku Kasungu.

Mawu oopsa kwambiri m'mapepala a zaka zimenezo ndi oti woukira boma. Mu Ogasiti 1964 Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza adali nduna, ndipo Rose Chibambo adali pa udindo wothandiza nduna. Boma lenilenilo adali iwowa. Mu Seputembala ena adachotsedwa, ena adatula pansi maudindo, ndipo posakhalitsa adali kunja kwa dziko, mayina awo akuyenda limodzi ndi mawu oti zigawenga. Onse anayi adali a kumpoto kuno. Chomwe adachita mwezi umenewo ndi kutsutsana ndi nduna yaikulu, Kamuzu, pa nkhani monga tiki yolipira kuchipatala, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndi ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Yatuta adadzalowadi ndi mfuti mu 1967 n'kuphedwa cha ku Mwanza, koma izo zidadza pambuyo. Apa boma lidali litachepa mpaka kukwana munthu mmodzi, moti kusiyana naye maganizo kudali kuukira dziko. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Nkhope ya Rose Chibambo lero ili pa K200 yomwe timapatsana m'minibasi.

Tanthauzo lomwe limaoneka lofatsa kuposa onse ndi la dera: boma la Rumphi, boma la Karonga. Nthawi ya Kamuzu maboma adali 24, lero ndi 28, atawonjezera Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno. M'nyuzipepala tanthauzo limeneli limabwera kumapeto kwa nkhani: mnyamatayu amachokera m'mudzi mwa akuti, kwa mfumu yaikulu yakuti, m'boma lakuti. Mpaka lero nkhani ya kupolisi siitha popanda mzere umenewu, ngakhale wogwidwayo akhale woti adabadwira ku Ndirande ndipo kumudziko sadapondeko. Atsamunda ankaufuna mzerewu kuti adziwe kokatola msonkho. Ife tidautenga n'kuusandutsa mtundu wa munthu. Mwana wanga adabadwira ku Mzuzu konkuno, Chitumbuka amalankhula kuposa ine, koma pa fomu ya sukulu akafunsa boma amalemba Dedza, komwe amakudziwa pa maliro ndi pa Khrisimasi.

Kufatsa kwakeko n'kwa pamaso chabe. Mu 1989 lidatuluka lamulo loti aphunzitsi azikaphunzitsa m'chigawo chomwe amachokera, ati a kumpoto ankaphunzitsa mwadala moipa ana a m'zigawo zina. Aneba angawa ankaphunzitsa m'chigawo chapakati, atakwatira komweko, ana awo Chitumbuka osachidziwa. Adakwera lole ndi katundu wawo. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Adada, nanga nyuzipepala zidalemba bwanji za ulendo wanuwo?"

Adaseka n'kugwedeza mutu. "Mwana wanga, za papepala zisiye, ndikuuze ine. Boma lidandithamangitsa kuti ndibwerere ku boma langa. Nditafika ku boma langako ndidapeza boma lilibe nyumba yoti ndikhalemo. Tidagona m'kalasi."

Funso loti kwanu ndi boma liti lidalowanso m'kasankhidwe ka ophunzira a ku yunivesite. Kota, yogawa malo a ku yunivesite potengera boma lomwe munthu amachokera, idayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti lidaithetsa mu 1993, idabweranso mu 2009 n'kuchotsedwanso mu 2020, ndipo kuno simungaitchule pagulu anthu osakweza mawu. Chimodzimodzi nkhani yogawa boma la Mzimba, lalikulu kuposa onse m'dziko muno. Maofesi a zaumoyo ndi a maphunziro adagawidwa kale, kumpoto ndi kummwera, koma nkhani yogawa bomalo ikabuka mafumu a Angoni amakana, chifukwa kwa iwo limenelo ndi dziko la M'mbelwa, ndipo khonsolo yake imatchedwa dzina la M'mbelwa osati la Mzimba. Wolemba nkhani ku Blantyre amaona malire a pamapu, mfumu ku Edingeni imamva kuti akufuna kudula ufumu.

Chifukwa china chomwe mawuwa adasenzera katundu wambiri chonchi chili m'chipinda cholembera nkhani. Nkhani zambiri za m'Chichewa zinkayamba m'Chingerezi, ku MANA kapena m'zikalata za maunduna, kenaka wina n'kuzimasulira mothamanga nthawi yosindikiza itayandikira. Chingerezi chili ndi mawu osiyana onenera dziko monga mwini malamulo, anthu omwe ali pampando, ogwira ntchito m'maofesi, ndi dera lomwe DC amayang'anira. Womasulira wathu zonsezi ankazithira m'dengu limodzi. N'chifukwa chake m'nkhani ya kukhoti mumapeza kuti mbali ya boma yabweretsa mboni zitatu pa mlandu wakuba mbuzi, ngati kuti nduna zidakhala pansi kukambirana za mbuziyo, chonsecho ndi wapolisi mmodzi woimira milandu. Bungwe la Chichewa Board lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972 lidalimbana kwambiri ndi kalembedwe ka mawu ndi kudzudzula aulutsi olakwitsa, koma boma lidatsala momwemo, ndipo tidalizolowera.

Pamwamba pa thiranki ija pali mapepala a 1992 mpaka 1994, ndipo awa aphunzitsi amawagwira mosamala kuposa ena onse. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya Malichi 1992, kumangidwa kwa Chakufwa Chihana pa bwalo la ndege mu Epulo, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Nyuzipepala zidabadwa zambirimbiri, zina za masamba anayi zomwe zinkafa zitangotuluka kangapo. Aleke Banda uja, atakhala m'ndende zaka 12, adayambitsa The Nation ndi banja lake mu 1993. M'mapepala amenewa boma lili ndi khomo lolowera ndi lotulukira: kulowa m'boma, kutuluka m'boma, kutenga boma. Pa misonkhano anthu n'kumakuwa kuti boma ilo, akuloza munthu yemwe waima pansanja, chisankho chisadachitike n'komwe. Ndipo mawu oti wotsutsa boma, omwe mu 1985 akadakupititsani ku Mikuyu osaonekera kukhoti, pofika 1994 adasanduka udindo wa m'nyumba ya malamulo, wokhala ndi ofesi ndi galimoto. Palibe chilembo ngakhale chimodzi chomwe chidasintha. Mdzukulu wa aphunzitsiwa, mtsikana wa Fomu 3, atamva agogo ake akunena za mnzawo yemwe adamangidwa m'ma 1970 chifukwa chotsutsa boma, adafunsa kuti, "Agogo, anali wa chipani chanji?"

Matanthauzo akalewo sadafe, adangosanjikizana, ndipo ine ndimaona kuti loyamba lija, la mpanda wa mlendo, ndilo lidakakamira kwambiri. Limamveka tikamati n'za boma izi. Mapaini a ku Chikangawa, mahekitala oposa 50,000, adabzalidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 poyembekezera fakitale ya mapepala yomwe siidamangidwe, ndipo ambiri adapsa ndi kudulidwa ife tikuona. Njinga za makala zimatsika kuchokera m'nkhalango zozungulira mzinda uno m'mawa uliwonse. Munthu yemwe sangathyole chimanga chimodzi m'munda mwa mnzake amagwetsa mtengo wa boma mtima uli m'malo. Umphawi ulipo, sindikukana, ndipo makalawo nanenso ndimagula magetsi akazima. Komanso akuluakulu omwe adadula kwambiri ku Chikangawa sadali amphawi. Onsewa amagwirizana pa chinthu chimodzi, choti mwini mtengowo ali kutali ndipo si m'bale wawo. Kulemba lathu pamwamba pa nyuzipepala kwa zaka zonse zija sikudachotse maganizo amenewa.

Ndipo kalembedwe ka boma lati kakadalipo. Tsegulani tsamba la Chichewa la nyuzipepala iliyonse sabata ino, kapena mverani nkhani za pa wailesi. Boma lati fetereza afika nthawi yabwino. Boma lati aphunzitsi alandira posachedwa. Mukawerenga mpaka pansi mumapeza kuti wanena ndi mneneri wa unduna wina poyankha foni, kapena wachiwiri kwa nduna pa msonkhano wa chipani. Fetereza akachedwa palibe yemwe adalonjeza. Alembi a nthawi ya Kamuzu adali ndi chifukwa choopera kutchula dzina. A lero ambiri angotengera chizolowezi, komanso boma ndi mawu aafupi okwana bwino pa mutu wa nkhani.

Tsiku lomwe ndidaona mawuwa atapanikizika zedi ndi pa 3 Febuluwale 2020. Oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko adafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019. Chigamulocho chinkaulutsidwa pa wailesi tsiku lonse, ndipo Mzuzu yense, masitolo ambiri ali otseka, makutu adali komweko. Madzulo ake m'misewu anthu ankakuwa kuti boma laluza. Komatu oweruzawo malipiro awo amachokera ku boma, ndipo ana kusukulu amaphunzira kuti makhoti ndi imodzi mwa nthambi zitatu za boma. Asilikali omwe ankaperekeza oweruzawo kukhoti adali a boma. Oyankha mlandu adali pulezidenti ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Masiku amenewo atolankhani ambiri adasamala, ankatchula aliyense dzina lake ndi udindo wake, chifukwa kulemba boma basi sikukadauza wowerenga kuti wapambana ndani, wagonja ndani. Chisankho chatsopano chidachitika pa 23 Juni, ndipo patangopita masiku ochepa mitu ya nkhani idabwerera ku boma lati, tsopano akunena anthu omwe sabata yapitayo ankalembedwa kuti otsutsa boma.